Seva Imene Inkadikira Malemu Afonso

Chodabwitsa choyamba chinali chakuti makompyuta a pachipatala chaching'ono chija, kuseri kwa msika wa Limbuli, ankauma usiku wokhawokha, ndiponso sabata yokhayo imene namwino Arminda ali pa ntchito ya usiku. Masana zinthu zinkayenda bwinobwino. Namwino akatsegula tabuleti yake, seva, lomwe linali bokosi lakuda lokhala m'kachipinda ka mafayilo, inkamulonjera ndi dzina lake ndi chithunzi chake, iye n'kulemba pasiwedi, mbiri ya wodwala n'kutuluka. Koma ikangopitirira 8 koloko madzulo, chiperoni chitatsika m'phiri n'kuphimba minda ya tiyi, aliyense wofuna kulowa ankangoona kachizindikiro kakuzungulira, kuzungulira, osatha. Sikuti seva inkazima ayi. Timagetsi take tobiriwira tinkaphethira monga mwa masiku onse, kafani kake kakulira pansipansi. Inkangoleka kuyankha anthu.

Arminda anayesa zonse zimene namwino angayese. Akaizimitsa n'kuiyatsanso, inkagwira ntchito kamphindi kamodzi kenaka n'kuumanso. Koma cha m'ma 10 koloko, akaiyatsanso, inkadzuka ngati sipanachitike kanthu.

A Kingstone, woyang'anira chipatalacho, anali munthu wovala tayi ngakhale Loweruka, woyenda ndi mulu wa makiyi pa lamba kuti anthu azimva kuti bwana akubwera. Za makompyuta sankadziwapo kanthu, koma kusadziwa sikunawaletsepo kugamula mlandu. Anaimbira foni a Hudson, katswiri wa ku Blantyre amene anaika sevayo, ndipo a Hudson, osadzuka n'komwe pampando wawo wofewa, anati makina awo anawayesa ndi anthu makumi asanu, onse analowa, choncho vuto ndi munthu amene akuwagwiritsa ntchito. Mawu amenewo anawakomera a Kingstone, chifukwa munthu wake anali naye kale m'maganizo.

Arminda anali mwana wa malemu Afonso, kalaliki wa mafayilo amene anagwira ntchito pachipatalapo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Afonso anawoloka kuchokera ku Milanje nthawi ya nkhondo ali mnyamata, ndipo anamwalira mwezi wa Epulo chaka chimenecho. Tsiku la maliro ake a Kingstone anali otanganidwa ndi msonkhano wofunika kwambiri umene, monga zinamveka pambuyo pake, unachitikira pa bala ina ya pa Chonde. M'mawa mwake anafufuta dzina la Afonso pa bolodi la ogwira ntchito ndi chala chonyowetsa ndi malovu, ntchito n'kupitirira.

Manong'onong'o sanachedwe. Ogulitsa nanazi pageti ankati mtsikanayo amaumitsa makina dala kuti azigona pa ntchito. Ena ankati amatulutsa mankhwala nthawi imene makina ali akhungu. Ena, motsitsa mawu, ankati anthu a kutsidya aja amadziwa zinthu, ndipo anapitako kukatenga zoti malo a bambo ake asadzakhalepo munthu wina. Onena zimenezi agogo awo anawolokanso mtsinje wa Muloza womwewo atasenza mitolo pamutu, koma zimenezo anali ataziiwala kalekale.

Kenaka mlonda, a Bonface, anawonjezera yawo. Anati usiku wina akuzungulira kuseri kwa kachipinda ka mafayilo, anaona kuwala kobiriwira pampanda, pansi pa mtengo wa peyala, ndipo m'kuwalamo munali nkhope ya Afonso, ikuyang'ana chipatala, yopanda thupi. Kuyambira tsiku limenelo ankalondera kutsogolo kokha. Kunena zoona, ndi kumene ankalondera ngakhale kale, poti ndi kumene kunali benchi ndi mbaula.

Usiku wina kunabwera mwana wokomokakomoka, makina ali ouma, ndipo Arminda sanathe kuona mankhwala amene mwanayo analandira kale. Anamuthandiza ndi zimene ankadziwa, mwanayo n'kuchira, koma a Kingstone anapeza chimene ankafuna. Analembera kalata bungwe la eni chipatala. Yankho linabwera lakuti akuluakulu adzakumana Lachisanu, ndipo ngati sipapezeka chifukwa china, Arminda achotsedwa ntchito. Kuchotsedwa ndi mbiri yotere, ya kuba ndi ya ufiti, kunali kutsekeredwa pakhomo pa chipatala chilichonse m'boma lonse la Mulanje, ndipo kunyumba kunali mayi ake amasiye odalira iye yekha.

Lachiwiri masana, bungwelo linatumiza munthu woti ayese sevayo. Anatsika pa njinga ya kabaza, mayi wa zaka makumi anayi ndi mphambu zingapo, nsapato zili matope okhaokha, laputopu ili m'jumbo kuopa mvula. Dzina lake anali Sheila. A Kingstone anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kubwereranso kunsapato.

"Ndimayesa atumiza injiniya," anatero.

"Atumiza ine," anayankha Sheila. "Matabuleti muli nawo angati, bwana?"

"Asanu ndi imodzi, onse alipo. Ya malemu Afonso ndinakaitenga ndekha pa maliro, ili m'dirowa yanga yokhoma. Ndinalemberanso bungwe zimenezo." Anagwedeza makiyi. "Musataye nthawi, mayi. Vuto timalidziwa, limavala yunifomu."

Sheila analemba zimenezo m'kabuku kake.

Madzulo ake anakhala m'kachipinda ka mafayilo, chitseko chili chotsegula pang'ono. Mdima wa mwezi wa Juni unabwera ndi chinyezi chake. Madontho ankagwa kuchokera pa malata limodzilimodzi, kugwera m'ndowa imene wina anaiwala panja, mabulugamu a m'mbali mwa msewu akukhudzana ndi kulira ngati chitseko chakale. Belu la kabaza womaliza linamveka kutali, kenaka zii. M'wodi munali wodwala mmodzi wotsokomola, ndipo pakati pa kutsokomola kwakeko kunkamveka kafani ka seva kokha.

Itangopitirira 8 koloko, Arminda anafika pakhomo atanyamula tabuleti yake, kachizindikiro kaja kakuzungulira. Anali atayedzamira chitseko ngati munthu amene watopa ndi kudzikanira mlandu.

"Zayamba, madamu. Mwaona nokha kuti sindinakhudze kanthu."

Sheila anayang'anitsitsa laputopu yake nthawi yaitali. Atayankhula, anayankhula monong'ona, ngakhale panalibe wina womvetsera.

"Seva yanuyi sinafe. Ikudikira munthu."

"Munthu wake uti?"

"Imalandira anthu mmodzimmodzi pakhomo. Ikalonjera munthu, imaima n'kudikira kuti alembe pasiwedi, ndipo siyang'ananso wina aliyense kufikira ameneyo atayankha. Amene anaipanga sanaiuze kuti kudikira kumakhala ndi malire. Inu nonse muli pamzera kumbuyo kwa munthu mmodzi."

"Ndiye kuti pompano pali munthu amene waima pakhomo?"

"Alipo. Walonjeredwa, koma sakuyankha."

Arminda anayang'ana zenera. Kunja kunali nkhungu yokhayokha, yoyera pafupi ndi galasi, yakuda kupitirira apo. Anawerenga matabuleti onse amene anali pa ntchito, anawazimitsa imodziimodzi pamaso pa Sheila, koma mlendo uja anali chiimire pakhomo pa seva. Cha m'ma 10 koloko anasowa yekha.

Lachitatu masana Sheila anachita zimene anabwerera. Anatumiza alendo onamizira makumi asanu kuchokera pa laputopu yake, onse oyankha msanga, ndipo onse analowa bwinobwino monga a Hudson ananenera. Kenaka anatumiza mmodzi yekha wongogogoda n'kukhala chete. Chipatala chonse chinauma, mpaka wa ku famase, kogawira mankhwala, anatukwana. Anamuchotsa msanga mlendo wakeyo, n'kukonza kuti seva izilemba dzina la aliyense amene yamulonjera.

Usiku umenewo chiperoni chinakula. Magetsi anazima cha m'ma 7 koloko, mabatire a sola n'kutenga ntchito, ndipo m'khonde munatsala babu limodzi lofiirira. A Bonface anasunthira mbaula yawo pafupi ndi khomo la wodi, akuti chifukwa cha mphepo. Nthawi itakwana, kachizindikiro kanayamba kuzungulira, ndipo pa laputopu panatuluka mzera umodzi. Sheila anauwerenga, n'kutembenuza laputopuyo pang'onopang'ono kuti Arminda aone.

Panalembedwa kuti: Takulandirani, a Afonso.

Arminda anakhala pa bokosi la mafayilo. Mantha anamugwira, koma chimene chinamupweteka kwambiri chinali kuona dzina la bambo ake litalembedwa pachipatala pano kachiwiri.

"Bambo anga tinawaika mwezi wa Epulo," ananong'ona. "Ndinaponya dothi ndi dzanja langali."

"Mizimu ine sindinaiyesepo," anatero Sheila. "Chimene ndikudziwa n'chakuti iyi ndi tabuleti yawo, ndipo ili pafupi, mkati mwa wayifayi ya chipatala chino."

Sheila anapita kukaika khutu pa chitseko cha ofesi ya a Kingstone, mmene munali dirowa ija. Munali zii, ndipo pansi pa chitseko panalibe kuwala kulikonse. Akubwerera, anamva kanthu kuseri kwa khoma: kuthyoka kwa kamtengo, kenaka kukwekwereza kwa mapazi pa udzu wonyowa, pang'onopang'ono, ngati kwa munthu wolemedwa mwendo umodzi. A Bonface nawo anamva. Anaphimba mutu ndi bulangete n'kuyamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi, mawu awo akusokonekera. Palibe amene anatuluka panja usiku umenewo.

Lachinayi a Kingstone anadutsa m'khonde akuimba mluzu, kalata yochotsera ntchito atailemba kale, ikungodikira siginecha ya wapampando wa bungwe. Anafunsa Sheila ngati wapeza kanthu. Sheila anati akuyesabe. Masana onse anayenda ndi foni kuzungulira chipatala, kuona pamene wayifayi imathera. Kutsogolo inkathera pageti. Kumbuyo inkafika mpaka pampanda, pansi pa mtengo wa peyala, ndipo pamenepo udzu unali wogona, ngati pamakhala munthu.

"Lero tituluka," Sheila anauza Arminda madzulo. "Mawa ndi Lachisanu. Ndingathe kusonyeza kuti seva ili ndi vuto, koma adzandifunsa kuti wosayankhayo ndani, ndipo ndikakhala chete adzati ndi inu."

Anadikira mpaka mzera uja utatuluka. Anazimitsa tochi, n'kutulukira khomo lakumbuyo, akuyenda chogwira khoma. Nkhungu inkanyowetsa nkhope ngati kamvula kosagwa. Kunkamveka achule okha kudambo. Atakhota pa ngodya ya kachipinda ka mafayilo, anakuona kuwala kuja, kobiriwira, kotsika pafupi ndi nthaka, ndipo pakati pake panali nkhope ya Afonso, ndi kolala yake yoyera, ikumwetulira pang'ono monga ankachitira akajambulidwa. Arminda anagwira mkono wa Sheila mwamphamvu mpaka zikhadabo zinalowa.

Kenaka kuseri kwa nkhopeyo kunamveka kutsokomola, kouma, kawiri. Arminda anakudziwa kutsokomola kumeneko. Ankakumva m'mawa uliwonse kuchipinda cha pafupi ndi chake.

"Mama?"

Kuwala kunagwedezeka. Mayi Ana, mkazi wa malemu Afonso, anali atakhala pa udzu kunja kwa waya wa mpanda, atafunda zitenje ziwiri, mwendo wawo wa nyamakazi atauwongola, tabuleti ataiimika pa maondo moyang'anitsa ku chipatala.

"Minda, usandikalipire mwananga," anatero. "Sindidabe ine. Idali m'chikwama chawo tsiku adagwa lija. Ndidadikira kuti abwana abwera kudzapepesa maliro, ndiwapatsa. Sadabwere. Ndiye ndidakaichajitsa kumsika kuti asadzati tawononga katundu wa eni, n'kubwera nayo madzulo kuti ndikupatse iweyo, poti masana ndimachita manyazi. Nditafika pano pompa, idangoti ngwe, n'kuyaka yokha."

"Ndiye bwanji simunandipatse?"

Mayiwo anatembenuza tabuleti, n'kuloza dzina lija ndi chala. Kuwerenga sankadziwa, koma maonekedwe a dzina la mwamuna wawo ankawadziwa, poti linali pa kapu yake ndi pa chitupa chake zaka zonsezo.

"Mwana wa kusukulu adandiwerengera. Akuti takulandirani. Zaka zonse zija, Minda, ndipo adawafufuta m'mawa mwake. Pachipatala chonsechi, amene akuwalandirabe bambo ako ndi bokosi lili m'katimo basi. Ukakhala kunyumba ndimapirira. Koma ukakhala ku naiti, nyumba ija imakula, ndiye ndimawabweretsa kuntchito kwawo, akhale pang'ono, tizibwerera."

Arminda analira, kulira kwa mkwiyo ndi chisoni pamodzi. Anauza mayi ake kuti mawa achotsedwa ntchito chifukwa cha zimenezi, ndipo mayiwo, amene palibe anawauzapo chilichonse, anangoti kukamwa yasa. Kenaka Arminda anatembenukira kwa Sheila.

"Mukanena kuti tabuleti inali kwathu, adzati tinaba. Ufiti uchoka, kuba kutsala. Ndi chimodzimodzi, madamu."

Sheila anapukuta madzi pankhope. Kenaka anathandiza mayi Ana kudzuka, n'kuwauza kuti apite nayo tabuletiyo kunyumba, aisunge pouma.

Lachisanu akuluakulu a bungwe anakhala m'chipinda cha misonkhano. A Hudson anafika pa galimoto, atavala suti yonyezimira, akudandaula za msewu. Arminda anasiyidwa pa benchi panja, opanda tabuleti, ngati wodwala wodikira jekeseni. A Kingstone anayankhula kwa theka la ola za mwambo wa pa ntchito. Atamaliza, wapampando, bambo wachikulire wosayankhula zambiri, anapereka mpata kwa Sheila.

"Bwana Kingstone, tsegulani tabuleti yanu," anatero Sheila. "Yakulonjerani? Chabwino. Tsopano ikani manja m'thumba."

Anaika, akuseka. Sipanathe mphindi, kukhonde kunamveka mawu a wa ku famase akufuula kuti zaumanso, masanasana. Namwino wina anasuzumira pakhomo atanyamula tabuleti yozungulira kachizindikiro.

"Namwino wanu ali panja, manja ali pa maondo," anatero Sheila. "Amene waumitsa chipatala lero ndi inuyo. Aliyense amene seva yamulonjera n'kusayankha amatsekereza anzake onse."

A Hudson anadzuka, tayi itapotoka. Anati palibe munthu wanzeru amene angatsegule pulogalamu n'kumangoiyang'ana.

"Munaiyesa ndi anthu makumi asanu omvera," anayankha Sheila. "Wosayankhula mmodzi yekha simunamuyese, ndipo ndi mayeso oyamba amene timachita. Amatenga mphindi ziwiri. Kuikonza ndi ntchito ya masana amodzi: izilandira anthu ambiri nthawi imodzi, ndipo wosayankha izimudikira masekondi makumi atatu basi."

A Hudson anakhala pansi n'kuyamba kufufuza chinachake chofunika kwambiri mu foni yawo. Koma a Kingstone anali asanagonje.

"Nanga usiku amatsegula ndani? Si mtsikana yemweyu?"

"Seva ikusonyeza tabuleti ya malemu Afonso," anatero Sheila, akutsegula kabuku kake. "Koma munandiuza Lachiwiri, ndiponso munalembera bungwe, kuti munakaitenga nokha pa maliro, ndipo ili m'dirowa yanu yokhoma. Ngati ili mmenemo, woitsegula usiku ndi mwini makiyi. Tiyeni tikatsegule dirowayo, tione."

Kwa nthawi yoyamba chiyambire, makiyi a a Kingstone sanalire. Ananena kuti kiyi wa dirowa anamuiwala kunyumba.

Wapampando anayang'ana mulu wa makiyi uja nthawi yaitali. "Pa onsewa?" anafunsa. Kenaka anatenga kalata yochotsera ntchito, anaipinda kawiri n'kuiika m'thumba, ndipo anatuma munthu kuti akamuuze namwino kuti apite akagone, poti madzulo ali pa ntchito.

A Hudson, pofuna kuoneka kuti nawonso anenapo kanthu, anati dzina la malemuyo alifufuta mu seva tsiku lomwelo. Sheila anakana. Anati seva ikakonzedwa idzafunika mlendo wosayankha woti aziiyesa kawirikawiri, kuti vutolo likadzabweranso lidziwike msanga, ndipo mlendo woteroyo alipo kale. Wapampando sanafunse zambiri. Analemba kuti tabuleti ya nambala sikisi, ya malemu Afonso ija, yapatulidwa kuti ikhale yoyesera seva, ndipo aziisamalira ndi Arminda.

A Kingstone sanachotsedwe, poti anthu otere sachotsedwa msanga. Ogulitsa nanazi anapeza nkhani ina yokambirana, osapepesa munthu. A Bonface mpaka lero safika kuseri kwa kachipinda ka mafayilo, ndipo amalumbira kuti zimene anaona sizinali za batire.

Sabata yotsatira ya usiku, itangopitirira 8 koloko, Arminda anatsegula mbiri ya wodwala ndipo inatuluka nthawi yomweyo. Atamaliza kugawa mankhwala, anatenga bulangete la kunyumba n'kutulukira khomo lakumbuyo. Mayi ake anali pamalo paja, tabuleti ili pa maondo. Nkhope ya Afonso inkawala kwa masekondi makumi atatu, n'kuzima, tabuleti n'kugogodanso yokha, seva n'kuilandiranso, nkhope n'kuwalanso ndi mawu ake omwe aja. Arminda anawafunditsa bulangete kudzera pa waya, akuopa kuti mayi ake adandaula kuti bambo akumathamangitsidwa pakhomo. Mayi Ana anayang'ana kuwalako kukuzima ndi kuyakanso katatu, kenaka anapukuta galasi ndi nsonga ya chitenje.

"Waona, Minda?" ananong'ona. "Masiku ano akumawalonjera kawirikawiri."